Buku la Miyeso

Buku langa la miyeso silinama.
Tsegulani masamba oyamba,
chaka chomwe ndinagula makina awa ku Kamwala:
chiuno mainchesi makumi awiri, phewa la kamwana,
mayunifomu asanu ndi awiri a nyumba imodzi yokha,
ya a Sikazwe, pakona paja.
Januwale ankandipeza ndili maso,
phazi likupalasa mpaka minibasi yoyamba kuliza hutala.

Tsopano tsegulani masamba a chaka chino.
Kubweza chiuno cha buluku, mwini wake waonda.
Kuchotsa mabatani, kuika zipi, zala sizigwiranso.
Kutembenuza kolala.
Nsalu yoyera mamita atatu,
ija sitiyesa munthu.

Msewu wathu uno wa ku Chilenje wachita imvi.
A msinkhu wapakati tinawaperekeza ku Chingwere
zaka zija maliro ankadikirana pa geti,
ndipo anapita ndi ana omwe akanabereka.
Otsalawo akuti lendi, akuti fizi, akuti thumba la ufa,
mmodzi akwana, wachiwiri tidzaona.
Sindiwatsutsa ayi. Mtengo wa thewera ndinaumva.
Ndikudziwa, ku Kanyama ana akadali kusefukira m'ngalande,
koma amenewo amavala salaula,
ndipo akakula nawonso adzafunsa njira ya ku bwalo la ndege.

Wanga Tiwonenji ali ku dziko la chisanu.
Anamutenga ndi pepala la unamwino
lomwe ndinalipira ndi nsonga ya singano.
Amasambitsa nkhalamba khumi ndi ziwiri asanamwe tiyi.
Akuti, atate, kuno sukulu ya m'tauni anaitseka,
belu lake likuitanira okalamba ku chakudya.
Akuti sitolo imagulitsa matewera a akulu kuposa a makanda,
basi imayenda ndi mipando yokha,
dalaivala wake ndi thanga lanu.
Akuti boma limachita kupempha anthu kuti abereke,
ndalama pamwamba,
koma eni ake abwera usiku atatopa, nyumba n'zodula,
ndiye amabwereka ana a eni.
Ndinati, nanga iwe, mdzukulu wanga ali kuti?
Foni inati zii.
Kenako anati ndi netiweki.

Lachiwiri pa mzere wa penshoni
a Mudenda, amene ankasunga mabuku ku njanji,
anandilembera samu ndi ndodo pa fumbi.
Apa oponya m'mbale, apa otapa.
Akachepa awa, nachuluka awa,
mbale ilibe chisoni, a Zulu, imangoonetsa pansi.
Mphepo inafufuta samuyo tisanafike pa windo.
Pa windo anati tibwerenso mwezi wamawa.

Ndalama za Tiwonenji zimafika, sindinganame.
Zimalira m'foni ngati kamwana ka nkhuku,
ndikagula mapiritsi a mtima, mafuta a makina,
ulusi wakuda, poti woyera watha ntchito.
Koma ndalama sizidziwa kukhula msana.
Dzulo sopo anagwa m'bafa
ndipo tinayang'anana nthawi yaitali, ine ndi iye.
Panthawi yomweyo mwana wanga
anali kupukuta mapazi a bambo wa mwini
amene ana ake sanabadwe.

Makinawa ndidzasiyira yani?
Mnyamata womaliza kuphunzira pano
akukwera njinga yamoto, kuperekera anthu chakudya ku Kabulonga.

Kuseri kwa chitseko kwapachikika kadiresi kobiriwira.
Palibe anakaitanitsa, m'buku mulibe dzina lake.
Ndinakasoka chaka chomwe Tiwonenji anakwera ndege,
ndi mpendero waukulu, wopinda katatu,
monga timachitira ndi ana okula msanga.
Januwale aliyense ndimamasula pang'ono.
Chaka chino nsalu yopinda yatha.