Chikhato pa Khoma

Magetsi azima ndili pakati pa mutu wa munthu.
Makina ometera aluma tsitsi n'kukhala chete.
Kasitomala wa ku Mlangeni wadziona pagalasi,
uku dazi, uku tchire,
watukwana. Ndamuuza adikire.
Pa Lizulu timadikira tonse:
owotcherera zitseko, a Nagama a pachigayo,
ndi kamtsikana ka mafilizesi
kamene mpamba wake ukusanduka madzi m'chidebe.

Atate okha ndiwo sadandaula.
Ali pabenchi ndi jekete lawo la chaka chonse.
Makutu anawasiya ku Songo,
zaka khumi ndi zinayi pansi pa phiri,
kutsidya kwa malire awa
amene kuno ndi msewu chabe, timawoloka pokagula tomato.

Amati: umalowa pa lole, mwanawe,
njira yotsetsereka, yokhota ngati nyanga ya nkhosa.
Dzuwa limatsalira m'mbuyo, limachepa, lifika pa tambala,
kenako latha.
Ukatsika, phanga. Osati la mileme ayi.
Tchalitchi cha ku Bembeke chingalowemo ndi mtanda womwe,
malo oimika mabasi n'kutsalabe.
Denga ndi thanthwe, zipsera za wonga zikuonekabe,
nyale zake sizidziwa kuti kunja kwada kapena kwacha.
Pansi popenta, poyera moti ungagonekepo khanda,
ndipo wopayeretsa ndinali ine,
Zefaniya, ndi chikolopa changa.

Makina asanu pamzere,
ngati nkhokwe zokwiriridwa mpaka m'khosi.
Ukatsika makwerero achitsulo, kunsi kwake,
umapeza mtengo wachitsulo wonenepa kuposa mbawa
ukuzungulira mwakuti diso limati waima.
Mnzanga Fulujensiyo anauyandikira ndi nsanza m'manja,
nsanza inapita. Iye anatsala, akuseka,
koma kuseka kwake sindinakumve,
kumeneko tinkayankhulana ndi zala
ndi kulemberana pachikhato.

Ndikawafunsa za madzi amapukusa mutu.
Ndimalemba funsolo kuseri kwa lisiti: Nanga madziwo?
Sitinkawaona, amatero.
Zambezi yense ankadutsa kuseri kwa khoma,
mikono iwiri kuchokera paphewa langa,
koma dontho lake sindinalione ndili pantchito.
Unkangomumva m'mano.
M'mawondo. Mu tiyi,
amene ankachita timizere tozungulira m'kapu
popanda womugwedeza.
Tsiku lina anazimitsa makina onse kuti akonze,
anthu akuluakulu tinagwirana malaya,
chete uja anatiopsa kuposa phokoso.

Anabwerako ndi chisoti chachikasu
chimene amayi amayezera kachewere pamsika,
ndi chifuwa chosakonda mwezi wa Juni.
Kunyumba kwathu waya sanafike.
Mawu a amayi anawamva komaliza ndili mu sitandade folo,
amati akuwakumbukira, anali opyapyala.

Kwinja kuno kukuzizira, nkhungu yatsika kuchokera ku Chirobwe.
Kasitomala wagona tulo, nsalu ili m'khosi.

Mwadzidzidzi babu laphethira.
Wina wakuwa kumsika, ana ayankha,
ndipo kuseri kwa shopu yanga chigayo chatsokomola,
chayamba.
Atate sanamve kukuwako.
Aimirira pang'onopang'ono, apita kukhoma
lomwe ndimagawana ndi a Nagama,
aikapo chikhato chonse, zala zotambasula,
monga mmene amagwirira mimba ya ng'ombe ya bere.
Atsinzina.
Laimu akugwera pa nsapato zawo.

Akhala choncho nthawi yaitali.
Kenako, mokweza kwambiri, poti sadzimva:
Ukawauze a Nagama, beringi ya kumanzere yauma,
athire girizi lisanathe sabata!

Ndayatsa makina anga, akunjenjemera m'dzanja,
kamtsinje kakang'ono, kochokera kutali.
Kasitomala wadzuka, akuloza mbali yotsala ija.
Dikirani pang'ono, achimwene, ndatero,
ndipo ndawapatsa atate kuti agwireko kaye.