Mphindi Zitatu

Ntchito yanga m'holo ya khonsolo ku Bergen
ndi kuyatsa maikolofoni ndi kuwazimitsa.
Aliyense ali ndi mphindi zitatu.
Zikakwana, kanyali kofiira kamaphethira
ndipo ndimadula mawu, kaya ndi a ndani.

Lero akukangana za malo a kusekondale yapamwamba.
Mvula ya Novembala ikukwapula mawindo,
maambulera ali ndondondo pakhomo ngati mileme yonyowa.

A Torunn Haugland aimirira, magalasi ali pamphumi:
Mwana amene wachezera pa buku
mpatseni sukulu imene wasankha yekha.
Adiresi si mayeso.
Khomo la makolo lisamulembere tsogolo.
Kumanja awomba m'manja.

A Eivind Brekke sadikira kuti m'manjamo muzizire:
Nanga uyu amene belu la sukulu amalimva ali pabedi,
inu n'kumuponya kutsidya kwa madzi
poti wapereweza theka la pointi?
Kumanzere agogoda matebulo.

Chala changa chili pa batani, sichinjenjemera.
Ndachiweta zaka khumi ndi zinayi.

Koma theka la pointi limenelo limagona kwathu.
Dzina lake ndi Sindre.
Amadzuka faifi koloko, mdima uli bii,
basi, pantoni, kenaka basi ina,
masamu kulembera pabondo chombo chikupendama
mpaka manambala onse kuoneka oledzera.
Mpira anasiya. Nsapato zake zili pansi pa masitepe,
matope a chaka chatha akadali kuzidendene.
Magiredi anagwa chaka chimene mayi ake anagonekedwa m'chipatala.
Kompyuta sinafunse.

Nkhani ikanathera pomwepa, ndikanadziwa kowombera m'manja.
Koma pali Yusra, mwana wa Idris,
Idris amene amakolopa holo ino tonse tikaweruka.
Mtsikana uja anakhoza zonse
akuwerengera m'khitchini, makina ochapira akubangula,
azing'ono ake atatu akulimbirana rimoti.
Magiredi ndiwo anamutsegulira chitseko cha m'tauni,
sukulu ya makoma akale
komwe ana a madokotala amakoleka majekete
pa misomali imene anakolekapo makolo awo.
Mukangolemba mzere pa mapu kuti aliyense kwawo,
mzerewo udutsa pakhosi pa Yusra.

Ine ndi Idris timamwa khofi wa m'makina amodzi.
Izi sitikamba. Timakamba za bondo lake,
za mtengo wa magetsi, za mvula.

Wina wabwera ndi tchati.
Ana asanduka timizere tabuluu ndi tachikasu,
ndayesa kufunamo wanga, osamupeza.
Uyu akuti chilungamo, uyo akuti chilungamo,
ndipo singano ya pa makina anga
ikukwera chimodzimodzi kwa onse awiri.

Chakumadzulo, theka la holo lili pa mafoni,
kwaimirira mayi wa kachipani ka mipando iwiri,
a Gunvor Tveit, mawu osasa ndi chimfine.
Akuti mukulimbana za amene aime kutsogolo pamzere,
koma mipando m'kalasimo ndi makumi atatu,
ana pakhomo makumi asanu ndi mmodzi.
Bwanji ndalama za msewu wa pansi pa phiri zija...
Kanyali kaphethira.

Ndawasiyira masekondi asanu ndi awiri,
kuba kwanga koyamba m'nyumba ino.
Wapampando wandiponyera diso.
Ndadina.
Pakamwa pawo papitiriza kuyenda popanda mawu
ngati nsomba ya m'galasi.

Voti aikankhira ku Febuluwale.
Komiti ikaunikenso, atero, n'kuyamba kufunafuna maambulera.

Ndikukulunga mawaya, foni yanjenjemera m'thumba:
Adadi, pantoni ya folo koloko aiimitsa, mphepo.
Musandidikire, mungondisiyira chakudya mu uvuni.

Chitseko chatseguka, chidebe chalowa chikulira mawilo.
Kwagwanji lero? Idris afunsa.
Palibe, ndayankha. Samala apo, pali waya.