Masamu a M'khola

Ndinakagula ku Sojini tsiku la msika,
kamwana ka nkhumba kokwana m'thumba la feteleza,
kakulira njira yonse pa keliyala ya njinga.
Ndalama inali ya thonje, yotsala atadula ngongole ya mankhwala.
Ndinakatcha Dikirani.

Kuyambira pamenepo ndimalemba.
Kope ndi la Zuze, lomwe anasiya pakati:
kutsogolo masamu a aphunzitsi, kumbuyo anga.
Ndowa ya madeya kuchigayo kwa Alufazema,
mchere, jekeseni wa njoka zam'mimba,
misomali ya chitseko chomwe anathyola kawiri.
Madzi sindilemba.
Angandiuze ndani mtengo wa zigubu zisanu ndi chimodzi
kuchokera pamjigo, mwezi wa Okutobala,
dothi la Ngabu likuwotcha mpaka kudutsa patapata?
Nkhumba siituluka thukuta.
Thukuta lake ndimatuluka ndine
kuti iye agone m'matope ngati bwana.

Chaka chomwe chimanga chinapserera m'munda
madeya anasanduka chakudya cha anthu.
Pachigayo tinkaima mzere umodzi,
ine wa nkhumba, Nyamazawo wa ana anayi,
osayang'anana.

Anaswa khumi ndi mmodzi usiku wa mvula.
Awiri anawagonera, wina anangofota.
Otsalawo ndinawagawira ntchito asanasiye kuyamwa:
uyu fizi ya teremu yachiwiri,
awa atatu malata,
awa banki mkhonde,
wamawangayo wa maliro omwe sanagwe.

Atanenepa, mphekesera inatsika m'minibasi ya m'mawa:
ati chigodola chafika ku Bangula,
ati pa Thabwa atseka, nyama sikukwera phiri.
Sabata yomweyo anatulukira Fombe
ndi kagalimoto kake kopanda galasi,
sikelo ataisiya kunyumba, akuyeza ndi maso.
Anazungulira khola, kugwira msana, kutsonya.
“Mayi, mawa izi ndi za kudzenje.
Lero lokha ndingakuthandizeni.”
Mtengo womwe anatchula
sunafike ndi patsamba lachitatu la madeya.

Ndinakana.
Koma mudzi wonse unanola mipeni tsiku limodzi.
Pa msawu uliwonse panalendewera mwendo,
ntchentche kuchuluka kuposa ogula,
ndipo dzuwa la kuno silidikira kuti mugwirizane mtengo.
Pofika madzulo anzanga ankaitanira odutsa:
tengani, mudzapereka mukakolola.
Lachitatu ndinabwereka foni n'kumuimbira Fombe.
Pa mtengo wake uja anadulapo zikwi zisanu,
ati mafuta a ulendo wachiwiri.
Anawamanga miyendo kutada
n'kulowera kamsewu ka m'nzimbe, magetsi atazimitsa.

Kutha kwa mwezi ndinali pa Nchalo,
odula nzimbe atalandira.
Pachiwaya mafuta akuthetheka,
mnyamata akuduladula tinthuli
tosaposa chala changa chachikulu.
Ndinafunsa mtengo, ndinaima pambali,
kuwerenga ndi milomo kuchokera kukhosi mpaka kumchira.
Wamawanga yekhayo, pamenepa,
akanafolera nyumba yonse ndi khonde lomwe.
Ndinagula kamodzi, kuthira tsabola.
Kanali kokoma, ndisaname.
Ndinamva madeya anga mmenemo.

Chigodolacho kwathu sichinafike.
Ena amati chinathera ku Tengani,
ena amati chinabadwira m'kamwa mwa mavenda.
Ine sindidziwa, sindinaone dzenje.

Dikirani ali ndi bere lina.
Mphongo inali ya a Semba,
malipiro ake kamwana kamodzi, kakakazi, kosankha okha,
ndiye woyamba kubadwa ndi wa eni kale.
Madeya akwera kachiwiri.
M'kope mwatsala masamba anayi
kuti masamu anga akumane ndi a aphunzitsi.

Dzulo Zuze anawerenga zonse ndi chala,
kuphatikiza, kuchotsera, kufufuta ndi malovu.
“Amayi, apa yankho likutuluka lopereweratu.
Nanga mukupitiriziranji?”
M'kholamo munamveka kugogoda kwa mphuno pachitseko.
Ndinati tseka kopelo,
tenga zigubu ziwiri, pamjigo pasanadzaze.