Kuda Sikumodzi

Kabokosi ndinakagula pa Kwachena,
mametikali zikwi ziwiri, chingwe chaulere.
Usiku ku Moatize, fani ikupukusa mpweya wotentha,
ndinatsegula kanema wochokera kwa Anastansiya:
ukwati wake ku Beira, umene ndinauphonya chifukwa cha shifiti.

Nkhope zonse mbuu, ngati zapakidwa phulusa.
Kuyera kwa diresi kwameza maluwa ake osokedwa.
Mkamwini wanga, mthunzi chabe wovala tayi.

Jerivaziyo wokonza mafoni anaseka:
"Achimwene, foni ya mwanayo ikulankhula chinenero chatsopano,
kabokosi kanu kakungomva theka.
HDR imeneyo. Dikirani apudeti, apo ayi gulani kena."

Ndinadikira. Mamega anatha kawiri.
Lachinayi magetsi anathima pa 83 peresenti,
ndinatukwana khoma.

Loweruka zinatheka.

Ine ndakumba malasha zaka khumi ndi chimodzi,
ndimadziwa kuti kuda sikumodzi:
kuli konyezimira, kuli kwa fumbi,
kuli konyowa kwa m'bandakucha.
Tsopano galasi nalo ladziwa.
Suti ya mkamwini yalekana ndi usiku wa kumbuyo kwake,
ndipo pakona, pomwe panali mdima bii,
pali mpando
wopanda munthu.
Aikapo chipewa changa chakale.