Loko Sanathyoledwe

Loko sanathyoledwe.
Ndinayamba ndaona zimenezo Lolemba m'mawa,
chifunga chisanasiye phiri la Dedza.
Zitsulo za pawindo zili gwa,
kangaude wa pakona ali pa ulusi wake womwe uja,
kompyuta itafunda chitenje chimene ndinaifunditsa Lachisanu.
Alonda athu, a Gwirize, analumbira pali mwana wawo
kuti usiku wonse panadutsa galu mmodzi basi.

Koma mayina anali atapita.
Mazana asanu ndi anayi.
Ndinawalemba ine, ndi zala ziwiri izi,
lililonse ndi mudzi wake, nambala ya foni,
kulemera kwa thupi, tsiku lodzatenga mankhwala.
Atapita, komanso ndikatsegula ali pompo, ndondondo.
Ndi umbava wanji uwu
wokusiyira mbuzi m'khola ikubzikula
nyama yake ikupsa kale pa chiwaya kumsika?

Kalata ija inabwera Lachinayi dzuwa litapendeka.
Inali ndi chidindo, Chingerezi chosalala,
inati alawansi ya maphunziro aja yatuluka,
tsimikizani dzina lanu apa.
Miyezi itatu ndikuidikira, ngongole ya feteleza ili pakhosi.
Ndinalemba mawu achinsinsi mosaphethira:
dzina la mwana wanga wamkazi ndi chaka chimene anabadwa.
Chitseko ndinatsegula ndekha,
ndikumwetulira.

Woyamba kubwera anali Nangozo,
uja amagulitsa mbatatesi pa mphambano ya ku Bembeke,
uja amalumpha zipatala ziwiri zapafupi
kuti pamzere asakumane ndi mlamu wake.
Sanakuwe.
Anaika kafoni kake komanga ndi mphira patebulo,
nandikankhira.
Tumizani zikwi makumi atatu,
apo ayi mpingo wanu wonse udziwa Lamulungu.
Dzina lake lonse. Mudzi. Tsiku limene anayamba kumwa.
Ndinawerenga kawiri kuti ndisadzutse mutu.
Anati, "Achimwene, tsiku lija munati
izi ndi za inu, ine ndi Mulungu.
Wachinayiyu ndani?"

Wa ku likulu anafika patatha masiku asanu ndi limodzi,
nsapato zopanda fumbi, laputopu m'chikwama.
Anatchula mayiko amene nkhani yathu inadutsamo,
ena sindinawamvepo chibadwire.
Akuti wakubayo mwina sadziwa n'komwe kuti kuli Dedza,
sanamvepo kuzizira kwa mu Juni kukuluma m'makutu;
iye amagulitsa mayina pa mulu, ngati tomato,
ogula ndi ena, oimba mafoni ndi enanso.
Anasintha mawu achinsinsi, anandisainitsa mapepala atatu,
nati ndisamadine zilizonse.
Ananyamuka kusanade.

Kuyambira pamenepo ndimagona mwa apo ndi apo.
Pamwamba paphiri nsanja za mafoni zimaphethira diso lofiira,
ndipo ndimawerenga mayina aja ngati korona:
mphunzitsi wa ku Linthipe amene mkazi wake sadziwa,
mnyamata wa kabaza, sikelo yake inali itayamba kukwera,
mtsikana wa Fomu 2 amene amabisa botolo m'sokosi.
Foni yanga ikanjenjemera pansi pa pilo
ndimaiyang'ana ngati njoka yolowa m'nyumba.

Lero Lachitatu, tsiku la mankhwala.
Mabenchi amene ankadzaza mpaka pansi pa mkungudza
pakhala anthu khumi ndi mmodzi.
Mabotolo ali m'katoni, ndawawerenga kanayi.
Nangozo sanabwere.
Ndatenga kope lachikuto cholimba ndi bolopeni,
kompyuta ndaisiya itafunda,
komabe aliyense ndikamufunsa dzina
sayang'ana ine, amayang'ana chitenje chija.

Womaliza anali bambo wachipewa chaubweya.
Ndimawadziwa, tinakhomera limodzi bokosi pamaliro ku Kanyama.
Ndafunsa monga mwa lamulo: dzina lanu, bambo?
Akhala chete, akupotokola chipewa m'manja,
kenaka atchula dzina limene si lawo.

Ndalemba lomwelo.