Kadontho ka Mayi Nang'omba

Pa chipatala cha ku Domwe malo anga ndi pa zenera,
kulemba mayina a odwala m'kompyuta yokalamba
imene imalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.
Lachiwiri lina anafika Mayi Rozita Nang'omba,
mwana kumbuyo, khadi m'manja.
Ndinalemba dzina, ndi kadontho kake kam'mwamba kaja.
Makina anakana.
Ndinabwereza, anakananso ndi zilembo zofiira.
Mzere ukutalika, wina akutsokomola pakhonde,
ndinachotsa kadonthoko
n'kulemba Nangomba,
dzina la munthu amene sanabadwe.

Amansiyo, wokonza makina, amabwera kamodzi pamwezi
kuchokera ku Tete, fumbi la njira lili m'nsidze.
Ndinamudandaulira. Iye anaseka:
Pulogalamu iyi ilibe loko, Selesitina.
Anailemba ndi anthu ngati iwe, usiku, ataweruka.
Ndi munda wa dima, aliyense amabwera ndi khasu lake.
Tsegula uone m'mimba mwake.

Ndinatsegula.
Mizere zikwizikwi, ngati munda wa mbatatesi
ukauyang'ana uli pamwamba pa phiri,
ndipo ine wosadziwa kuti udzu ndi uti.
Masabata asanu ndi limodzi a Juni ndi Julaye,
bulangete kumutu, zala zouma ndi chisanu cha ku Angoniya,
ndalama ya sopo ikuthera mu intaneti,
magetsi akuthima pamene ndayamba kumvetsa.
Mchemwali wanga ankati ndapeza mwamuna wa m'foni.

Kenako ndinaupeza, mzere umodzi wokha,
mlonda wa pachipata amene anauzidwa
kuti dzina la munthu ndi zilembo basi.
Sanali woipa mtima.
Amene anamuika sanamvepo ng'oma, ng'ombe, ng'ona.

Ndinakonza. Ndinatumiza mtima uli m'khosi,
ngati mkamwini wolowa m'mudzi koyamba,
wosadziwa pokhala, wosadziwa woyamba kumupatsa moni.

Masiku atatu, zii.
Lachinayi lake anayankha mayi wina wa kutsidya kwa nyanja
amene kwawo kunali kukucha ine ndikukagona.
Zikomo, anatero, koma sizinathe.
Watsegula chipata, nanga akalowa afisi?
Lemba mayeso. Ndipo mipata yako ndi itatu, ife timaika inayi.
Ndinapsa mtima. Mpata umodzi!
Ndinatseka kompyuta n'kupita kukachapa.
Pa mjigo ndinakumbukira kuti inenso
ndinali kulirira kadontho kamodzi.

Ndinabwezanso kachiwiri. Kachitatu.
Kachinayi anandiphunzitsa njira yachidule
imene ndikanaisaka chaka chathunthu,
osandifunsa satifiketi, osandifunsa kuti ndine mwana wa yani.
Kenako mawu awiri: Talandira. Takulandira.

Dzina langa lili m'munsi mwa mayina mazana anayi,
Selesitina Jasitene,
pakati pa anthu amene sindidzawaona nkhope.
Palibe anandilipira ngakhale metikali imodzi.
Ndinagula fanta ndekha pa golosale ya Bambo Fulujensiyo
n'kumwa nditaimirira.

Mvula yoyamba itagwa, Amansiyo anabwera ndi pulogalamu yatsopano.
Mayi Rozita anafikanso, mwana uja akuyenda yekha tsopano.
Ndinalemba pang'onopang'ono: Nang'omba.
Makina anameza bwinobwino.
Ndinawatembenuzira galasi kuti aone.
Iwo anayang'ana, anayang'ananso ine,
n'kufunsa ngati mankhwala a chifuwa afika.

Anali asanafike.

Usiku womwewo kunabwera uthenga wa mnyamata wina wa kutali,
watsopano, wamantha, mipata yake itatu.
Dzina la agogo ake lili ndi chilembo chovala chipewa
ndipo mlonda wina akuchikaniza pachipata.
Mayi uja anati: Selesitina, uyu ndi wako.
Ndinakoka mpando,
ndinayang'ana ngati mayunitsi a magetsi afika m'mawa,
n'kuyamba ndi zikomo.