Yaphulika pa Chitakale

Foni inalira cha m'ma leveni usiku,
nditavula kale gambutsi, mapazi ali m'beseni.
Anali a Namukhoyo, kapitawo wathu:
"Lusiyano, vala. Yaphulika pa Chitakale.
Kuchipatala mipopi ikungotsokomola mphepo."

Tinafika anayi pa lole ya diso limodzi,
chiperoni chikutilavulira kumaso,
phiri litafunda mtambo mpaka kumutu ngati wamalungo.
Madzi ankatumphuka m'mphepete mwa tala,
n'kutsetsereka ali psuu kulowa m'mizere ya tiyi
amene sanawapemphe.

Koma potulukira madzi si pamene pali bala.
A Namukhoyo anazika chitsulo m'dothi,
nsonga inayo n'kuigunditsa kukhutu,
natiletsa ngakhale kufwenthera.
Anayenda mapazi asanu, namveranso.
Ena atatu. Kenaka analemba mtanda ndi chidendene.
Mapu a ku ofesi ankati paipi ili tsidya la msewu.
Mapuwo tinakhalira, poti pansi panali ponyowa.

Piki. Fosholo. Piki.
Katondo wa kuno akanyowa
amakakamira fosholo ngati ngongole ya katapila.
Anyamata atatu a kabaza anaimika njinga zawo
natiunikira ndi mafuta awo, osatchula mtengo.
Mmodzi ankangofunsa ngati pansipo pali golide.
Ndinamuponyera zomwe ndinapeza:
chitsekerero cha botolo,
ndi khobidi lakale lodyeka mbali zonse.

Dzenje litafika m'chiuno, Fulujensio anakuwa, "Ima!"
piki yanga ili m'mwamba.
Pansi pake panagona chingwe chakuda,
chonenepa ngati mkono wa khanda,
chamagetsi, chimene pepala lililonse silinatiuze.
Ndinatsitsa pikiyo ngati ndanyamula dzira.
Ndinaganiza za Esinala, mwana wanga,
amene kukacha ali ndi mayeso a masamu
ndipo pensulo sindinamugulire.
Kuyambira apo tinafukula ndi manja.

Paipi tinaipeza cha m'ma thuu,
yotuwa, yoikidwa ine ndisanabadwe,
muzu wa bulugama utaikumbatira zaka ndi zaka
mpaka kuithyola nthiti.
Kumtunda anali atatseka, koma otsalira ankabwerabe,
ozizira monga achokera ku Likhubula.
Pampu inakana kulira. Tinakapa ndi ndowa,
zala zitachita dzanzi, mano akuwombana.

Ndi pamene anatulukira mayi uja mumdima,
chigubu chachikasu m'manja, wapansi kuchokera kuchipatala.
"Mwana wanga wachira usiku uno, ndi wamkazi,
koma nsalu tilibe pozichapira."
Anatunga matope athu omwewo.
Anati akadikha.
Palibe anayankha, koma ndowa zinayamba kuthamanga.

Tinadula powolapo, n'kulowetsa chidutswa chatsopano,
makolala awiri, mabawuti asanu ndi atatu,
limodzi linagwera m'thope, tinalisaka ngati mphete ya ukwati.
Sipanala inaterereka n'kundisenda chala;
magazi ndi katondo, mtundu umodzi.

A Namukhoyo anaimba foni: "Tsegulani pang'onopang'ono."
Ndinagwira paipi ndi chikhatho, kudikira.
Zii.
Ziibe.
Kenaka kunjenjemera, kochokera kutali,
ngati mtsempha wa munthu amene timati watisiya.
Polumikiza panali gwa, osadontha ngakhale msozi.

Kunacha tikukwirira.
Otchola tiyi anadutsa, madengu kumsana,
wina akudandaula kuti tamuonongera njira.
Sabata yamawa udzu umera,
ndipo woyenda pano sadzadziwa
kuti anthu anayi anagwada pansi pa mapazi akewo.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga atapita kale ku mjigo,
poti kwathu paipi sinafikebe.
Beseni lija linali pomwe ndinalisiya.
Ndinabwezamo mapazi,
madzi ake ozizira, ndipo anafiira pomwepo.